Mkono wa apongozi pakazenera ka mankhwala

Senderani kuno nonse. Wailesiyo zimitsani, ndipo uyo akukazinga chimanga achotse chiwaya pamoto, chikundisokosera. Iwe Tumpale, ndiwe unapita kusukulu, gwira cholembera. Ulembe mmene ndikulankhuliramu, usandikonzere mawu ayi. Ndikulankhula Chichewa chifukwa inu munakulira ku Lilongwe, Chinkhonde mumangomva "ndaga" basi. Za ubwana wanga tisiye, kunali kutunga madzi ndi kuingitsa mbalame m'mpunga. Tiyambire pa ntchito.

Chaka chimene tinasiya mapaundi n'kuyamba makwacha, cha ku Mwenilondo

Ntchito yanga yoyamba inali yochapa pa kachipatala kena kakang'ono. Bwana wanga anali anesi aakulu ochokera ku Mulanje, munthu wowonda, mawu a m'mphuno, chonchi: "Mayi, shiti iyi mwachapa kapena mwangoipatsa moni?" Sopo akatha, timasungunula phulusa. Masiku amenewo sumanena poyera kuti sopo kulibe. Umayang'ana kaye kumbuyo ngati kulibe anyamata achipani, kenako n'kunena kuti sopo wachedwa panjira.

Timachapa awiri, ine ndi Esinati. Kuchapa sikupha munthu, chimene chimapha n'kufinya. Tsiku lina ndikuona Esinati akukutumula manja ngati wagwira mbaula yamoto. Ndikuti, "Watani?" Akuti, "Dzanzi, mwana wa amayi. Tulo sindigona, manja amachita ngati mwalowa nyerere." Ine ndinali ndi nyanga yolumikira imene anandisiyira azakhali anga, kanyanga ka thole, koboola kunsonga. Tamverani mmene imagwirira. Umatema timphini pakhungu, n'kuvundikira nyanga, n'kuyamwa mpweya ndi pakamwa, kenako n'kutseka kabowo ndi phula la njuchi, kukankha ndi lilime. Nyanga imakakamira yokha n'kumakoka. Ndinamulumika Esinati pamkono kuseri kwa zingwe zoyanikira, ndipo anagona bwino masiku angapo. Kenako dzanzi linabwerera. Ndinamulumikanso. Posakhalitsa amayi ooka mpunga ndi amayi oyembekezera anayamba kundipeza, dandaulo lake lomwelo.

Koma ine chinthu chimodzi chimandizunguza mutu. Aliyense ndimamufunsa kuti, "Zala ziti?" Onse: chachikulu, chamkombaphala, chapakati. Kachala kakumapeto aka, ayi, kali bwinobwino. Ndimakatsina, munthu n'kudumpha. Ndikatsina chachikulu, ali duu. Ndimagona ndikuganiza kuti kachala aka kanachita chiyani kuti matenda azikalambalala. Azakhali anali atamwalira, womufunsa panalibe. Anesi a ku Mulanje ndinawafunsa kamodzi, anangoti, "Mayi, mashiti."

Patapita zaka ziwiri, cha ku Kaporo

Anandisamutsira ku kachipatala ka kumpunga, kamene kanadzagwa ndi madzi inu musanabadwe. Kumeneko n'kwawo kwa agogo anu aamuna, amene nthawi imeneyo anali kumigodi ku Joni. Ine ndinali ndi mwana mmodzi, Lusekelo, bambo ake a Tumpale uyu. Anthu anati ndachita mwayi, ndikagwira ntchito pakhomo. Mwayi wake uti? Pa kachipatala komweko dilesala, womanga mabala ndi kubaya jekeseni, anali apongozi anga aamuna.

Inu a ku Lilongwe mumadya ndi apongozi anu mbale imodzi, simungamvetse. Kwathu kuno mkamwana saona nkhope ya apongozi ake aamuna. Sawakhudza, salankhula nawo, satchula dzina lawo. Mpaka lero sindilitchula, ndiye Tumpale usandiyang'ane choncho, ulembe kuti "apongozi". Ukakumana nawo panjira, umafunda chitenje kumutu n'kulowa patchire. Ukalakwitsa, ng'ombe imatuluka m'khola la bambo ako. Tsono tiyerekeze: bwalo limodzi, mpopi umodzi, iwo m'kati, ine kuseri. Ndinapeza nzeru yoimba. Ndikamachoka kochapira kupita kumpopi ndimayambitsa nyimbo ya kutchalitchi mokweza, iwo n'kudziwa kuti atseke chitseko. Iwonso akamatuluka amakhosomola katatu kanayi, ine n'kuthawira mu nthochi. Mumati agogo amalongolola. Mawu awa ndinawakulitsa pantchito.

Bwana wathu anali a Chimbalanga, wothandizira dokotala, mnyamata wa ku Chiradzulu. Ife timangoti adokotala. Sabata yoyamba akunditumiza, mawu awo ofatsa, chonchi: "Amake Lusekelo, kaperekeni mabandeji awa kwa adilesala." Ine ndinawaika pakhonde n'kuthawa. A Chimbalanga akuti, "Kodi mayi awa mutu uli bwino?" Mlonda atawafotokozera, anaseka mpaka kukhala pansi. Koma anali munthu wofuna kudziwa zinthu ngati ine ndemwe. Tsiku lina ananditulukira ndikulumika mayi wina kuseri. Mtima unagwa, ndinati ntchito yatha. Iwo anatola nyanga, kuitembenuza, kusuzumira m'kabowo. "Imakoka bwanji?" Anapinda malaya. Ndinawaika popanda kutema, nyanga inagwira, pochotsa inasiya chizungulire chofiira. Akuchiyang'ana, akuchisisita. Ndinaona kuti mpata ndi uno, ndikuti, "Adokotala, nanga kachala aka bwanji sikachita dzanzi?"

Anandigwira dzanja, n'kuloza apa povala wotchi. Akuti, "Apa pali kanjira kopapatiza. M'menemo mumadutsa mtsempha umene umapatsa moyo chala chachikulu ndi zinzake zapafupi. Munthu akamafinya kapena kupotokola dzanja tsiku ndi tsiku, kanjirako kamatupa, mtsempha n'kupanikizika. Kachala kakumapeto kali ndi mtsempha wakewake, umadzera njira ina." Ana inu, ndinakondwa ngati andipatsa nsalu. Tsiku lonse ndimangokayang'ana kachala kanga, ndikuti, kani iwe uli ndi njira yako. Ndinafunsa ngati nyanga imatsegula kanjirako. Akuti, "Sindikudziwa. Mwina imangofewetsa minofu, munthu n'kupezako tulo. Koma lumo lanu limodzi la anthu onse lija musiye, ndipo apa pamtsempha musatemepo." Anandiuzanso chinthu china. Anatsina mnofu uwu wapansi pa chala chachikulu. "Uwu ukayamba kuphwa, ndiye kuti mtsempha ukufa. Pamenepo sipafunika nyanga kapena mapilitsi. Pafunika mpeni wa dokotala wamkulu, msangamsanga."

Dzinja la madzi osefukira

Matenda a apongozi ndinawamva ndi makutu, poti maso ndinalibe nawo ntchito. M'mawa wina ndili kochapira ndinamva kuti phwa m'kati. Jekeseni nthawi imeneyo anali agalasi, owiritsa mumphika, ndipo timawasamala ngati mazira chifukwa ena sabwera. Patapita masiku, phwa winanso. Apongozi aakazi, amene ine ndimacheza nawo bwinobwino, anandinong'oneza kuti, "Atate ako sagona. Amadzuka n'kumakutumula dzanja lamanja. Batani la malaya ndimawamangira ine."

A Chimbalanga anawapima, n'kuwamangira kathabwa ka nsungwi ndi bandeji kuti dzanja lisamapindike. Asipirini anali atachedwa panjira. Ndinamva kudzera pakhoma akuwauza kuti, "Bambo, mvula ikatha tili ndi katemera wa ana m'midzi. Ngati dzanja silichira, ndiyenera kuuza a kuboma kuti atumize munthu wina." Apongozi, mawu awo a pansi pa mtima, chonchi: "Ndinayamba kumanga mabala inu musanabadwe." Munthu uja ntchito imeneyo inali dzina lake. M'midzi monse akamadutsa pa njinga, ana amathawa, akuluakulu amavula zipewa. Kuyambira tsiku limenelo bandeji sanaichotsenso pamaso pa adokotala. Akafunsidwa amangoti, "Likuchira."

Wolumika wamwamuna analiko cha ku Songwe, koma madzi anali atadula njira. Apongozi aakazi anabwera kudzabwereka nyanga kuti ayese okha. Ndinawaphunzitsa pa mwendo wanga. Mayi aja mano akutsogolo analibe, ndiye akayamwa mpweya umathawira m'mbali, fyuu. Atayesa kukankha phula ndi lilime, analimeza. Tinaseka mpaka misozi. Kenako iwo anasiya kuseka, akuyang'ana pansi. Akuti, "Mwananga, ine sindingakupemphe. Koma munthu uja akutha."

Amene anapeza njira ndi a Chimbalanga. Pa kachipatalako panali kachipinda kosungira mankhwala, kokhala ndi kazenera kakang'ono kogawirapo mapilitsi. Akuti, "Amake Lusekelo akhale m'kati, adilesala akhale panja, mkono wokha ulowe pakazenera. Titchinge ndi shiti." Apongozi aakazi akuti, "Nanga kukhudza?" Adokotala anatulutsa golovesi imodzi yakale, yong'ambika pachala. Amayi aja anaitembenuza, anainunkhiza, anaganiza nthawi yaitali. Akuti, "Ngati wagwira ndi golovesi, ndiye kuti wagwira ndi golovesiyo. Ndipo ine ndikhala ndili kumunda, sindikudziwa kanthu." A Chimbalanga anaika malamulo awo: kutema ayi, kathabwa kazimangidwanso tikatha, nyanga ikhale pamnofu wa mkono, kuno kumtunda. Ine ndikuti, "Nyanga yopanda mphini ikakoka chiyani, mphepo?" Akuti, "Tiyeni tione." Kunena zoona, nanenso ndimafuna kuona.

Masana odwala atachepa, ndinalowa m'kachipinda. Ndinamva kukhosomola kuja panja. Shiti inagwedezeka, mkono unalowa. Ana inu, zaka zonse zija ndikuthawa munthu, ndimaganiza kuti ali ndi mkono ngati mtengo wa mbawa. Unali mkono wa nkhalamba, wa imvi. Ndinamasula bandeji, thukuta lili kamukamu. A Chimbalanga anakhala pampando pafupi ndi chitseko, pamene tonse timatha kuwamva. Ndikuti, "Adokotala, afunseni odwala anu, zala ziti?" Iwo akubwereza. Panja: "Adokotala, auzeni kuti zitatu izi ndi theka la ichi." Iwo akubwerezanso, ngakhale mawuwo andidutsa kale pakhutu. Ndinaika nyanga, ndinayamwa, ndinatseka ndi phula. Panja ndinamva, "Hmm." Adokotala akuti, "Akuti hmm."

Timachita choncho masiku ena aliwonse. A Chimbalanga anali ndi ntchito zambiri, ndiye anayamba kumatisiya. Ife sitinasinthe kanthu. Timalankhulabe ndi mpando wopanda munthu. "Adokotala, afunseni ngati anagona." "Adokotala, auzeni kuti ndinagona mpaka tambala." Ndipo amagonadi, apongozi aakazi anachitira umboni. Kaya ndi nyanga, kaya ndi kathabwa, kaya zonse pamodzi, mpaka lero sindidziwa. Ululu unachepa. Ndimawamva akuimba mluzu powiritsa majekeseni.

Koma munthu amene amaona dzanja lija lili lovula ndinali ine ndekha. Mnofu uja wapansi pa chala chachikulu unkaphwa. Poyamba ndinati mwina ndi maso anga. Ndinayerekeza ndi wanga, ndinayang'ana manja a mlonda, a amayi a kumpopi, aliyense ndimangomuti, "Taonetsani dzanja." Tsiku lina ndinapempha kudzera kumpando kuti dzanja lamanzere lilowenso. Lamanzere linali ndi kaphiri, lamanja linali ndi dzenje. Ndinadula batani pa diresi langa n'kuliika pathabwa la kazenera. "Adokotala, apempheni odwala anu atole batani ili." Dzanja linapapasa. Chala chachikulu chinayesa kukumana ndi chinzake, chinakanika, chimangoterereka. Chinayesanso. Kenako dzanja linakankha batani lija ndi m'mbali, n'kuligwetsera pansi kunja. Ndiye mawu aja a pansi pa mtima: "Adokotala, auzeni kuti ndatola."

Mwamva? Amadziwa kuti ndaona. Koma pamwambo ine sindinaone kanthu. M'kachipinda muja munalibe mkamwana, munali golovesi. Amadalira chimenecho.

Ndinakauza apongozi aakazi. Anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa. Akuti, "Usanene. Katemera adutse kaye. Akawatumiza kumwera ku chipatala chachikulu, malo awo akhalapo wina, ndipo munthu uja sakhala moyo pakhonde. Ndiponso ukanena, mudzi wonse udziwa kuti unawaona. Mwamuna wako akabwera umuuza chiyani?" Masiku angapo ndimachapa osaimba, moti apongozi anatsala pang'ono kuombana nane pampopi. Ndimafinya shiti ndikuyang'ana chala changa chachikulu mmene chimagwirira, ndikuganiza kuti popanda ichi dzanja ndi chipande chabe. Ndimaganizanso za ana amene adzabayidwe ndi dzanja losamva, ndipo Lusekelo anali mmodzi wa iwo. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti nyanga yanga ndi imene imawathandiza kubisa. Ikanakhala kuti sinachotse ululu, bwenzi atapita okha kwa adokotala.

Ndinawapeza a Chimbalanga akusamba m'manja. Ndikuti, "Adokotala, mawa mukhale pampando wanu, ndipo muyang'ane." Akuti, "Mwaona chiyani?" Ndikanatha kunena kuti sindinaone, angoyang'ana okha. Koma ndinati, "Ndaona mnofu uja munanena. Waphwa."

Mawa lake mkono utalowa, ndinamasula bandeji, nyanga sindinaitulutse. A Chimbalanga anabwera m'kati mwakachetechete, n'kugwira dzanja lija ndi manja awo osavala kanthu. Dzanja linadzidzimuka, linadziwa kuti si golovesi. Anatsina, anakanikiza, anapempha kuti chala chachikulu chikhudze kachala kakumapeto. Sichinafike. Akuti, "Bambo, mupita ku chipatala chachikulu. Njira ikangouma, lole yoyamba." Mkono unatuluka pang'onopang'ono. Kenako ndinamva, "Adokotala, ndani wakuuzani?" A Chimbalanga anayamba kuti, "Ndangoganiza ndekha kuti..." Ine ndinawadula. Ndikuti, "Adokotala, auzeni kuti ndine."

Nkhani inayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Kumpopi amayi amaleka kulankhula ndikafika. Alamu anga anatumiza uthenga kwa bambo anga wonena za ng'ombe. Apongozi aakazi anasiya kundibwereka mchere. Apongozi aamuna anasiya kukhosomola. Amangotuluka, ine ndizionera ndekha kothawira. Tsiku limene anakwera lole kupita kudoko, kukakwera sitima ya pamadzi, sanasiye mawu alionse kwa ine, ngakhale kudzera kumpando. Katemera anabaya mnyamata wina wochokera kuboma. Ine ndimayang'ana njinga yawo itatsamira pakhoma, matayala akuphwa.

Nyengo yomweta mpunga, chaka chomwecho

Uthenga sumabwera. Ena amati anawadula dzanja lonse. Ena amati a kuboma awapumitsa. Ndimafunsa a Chimbalanga, akuti, "Ndinapempha kuti malo awo awasungire, koma sindine wolamula." Ndimafunsanso kuti kodi mpeniwo umalowa pati, umadula chiyani, mtsempha wakufa umadzuka bwanji. Amandijambulira pansi ndi kamtengo. Akuti mwina udzuka, mwina tinachedwa.

M'mawa wina ndikuyanika mashiti, ndinamva lole ya mpunga ikuima pamsewu, ndi ana akukuwa kuti adilesala abwera. Ndinataya shiti m'dothi, chitenje kumutu, ine mu nthochi. Koma mukundidziwa. Ndinapatula masamba pang'ono. Nkhope sindinaone, Tumpale ulembe zimenezo, ndinayang'ana kuyambira m'chiuno kutsika. Sutukesi anainyamula ndi dzanja lamanja. Ataiika pansi, ndinaona chipsera chaching'ono pachikhatho, cha apa povala wotchi. A Chimbalanga anatuluka, moni, moni, kenako anatulutsa jekeseni wagalasi m'thumba la malaya n'kuwapatsa. Bwalo lonse maso anali pa dzanja lija, odwala pakhonde, mlonda, apongozi aakazi atagwira pakamwa. Dzanja linalandira. Chala chachikulu chinali chowondabe, koma chinakwera pamwamba pa jekeseni n'kukankha mpaka pansi. Chinakokanso, chinakankhanso. A Chimbalanga akuti, "Lolemba mubwere molawirira, mabala achuluka."

Ine m'nthochimo ndinakhala pansi pa masamba ouma, tswatswa. Ndiye anandimva. Mapazi aja anatembenukira kumene ndinali. Mawu a pansi pa mtima aja akuti, "Adokotala, auzeni..." A Chimbalanga akuti, "Iyayi bambo, ine ndinatopa nazo. Ali apo, auzeni nokha," n'kulowa m'kati.

Apongozi anaima pomwepo. Ine ndikuti lero anditukwana pamaso pa anthu, kapena anena za ng'ombe ija. Apongozi aakazi akuti, "Tiyeni kunyumba, mwatopa." Iwo osasuntha. Kenako anakweza mawu, moti anamva ndi amene anali kumpopi:

"Amake Lusekelo! Lamanzere nalonso layamba. Mawa mubwere ndi nyanga yanu ija, koma pakamwa panupo musiye kunyumba!"